Juzi ya Bonifasiyo

Kuno ku Matundo dzuwa silipepesa.
Malata akuthetheka pamutu ngati chimanga m'chiwaya,
kamphepo ka ku Zambezi kafera m'njira,
ine ndili pakhonde, ulusi pamiyendo,
ndikuluka sikafu.

A Jeremiyasi ogulitsa madzi ozizira aima, aseka:
Mayi, Okutobala uno?
Kapena mwalota kuti Tete agwa chisanu?
Ndangoti ndi ya kumtunda.
Iwo sakudziwa Tsangano,
komwe nkhungu imadzuka anthu asanadzuke
n'kukhala pamunda wa mbatata mpaka tiyi atazizira.

Dominga, mlamu wanga,
pamaliro paja sindinakuuze kanthu.
Anthu anali ndi mawu okonzeka kale,
ena a m'Buku, ena a makolo,
ine pakamwa panga panali mchenga.
Ndinangotsuka mbale, ndinatsukanso zotsukatsuka,
ndipo pochoka ndinaba.
Inde, ndinaba juzi yake yobiriwira ija
yomwe inali pamsomali kuseri kwa chitseko,
yobooka pachigongono,
yonunkhabe utsi ndi mafuta a njinga yamoto.

Ndinaimasula usiku, magetsi atazima.
Ulusi wakale ndi wamakani.
Umatuluka wopotanapotana,
ukukumbukirabe phewa lomwe unkafunda.
Ndinauviika m'madzi ofunda, ndinaupachika ndi mwala kunsi,
koma sunawongoke wonse.
Ndausiya choncho.

Singano zanga ndi masipoko awiri a njinga
onoledwa pasimenti.
Lusonso ndilibe lambiri,
ndi kaja tinaphunzira kumishoni tili atsikana:
mfundo ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo,
ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo,
ukatha mizere iwiri, usinthanitse.
Basi. Ngakhale wolira angathe kuwerenga mpaka ziwiri.

Koma taona zomwe zikutuluka:
timapiri ndi timaenje,
ngati munda wake uja wa kutsetse
atangomaliza kuunga mizere mvula isanagwe.
Ukadzayendetsa chala, chidzapunthwa pang'onopang'ono,
chidzakhala ndi poti chipume.

Pafupi ndi pakati pali kabowo.
Pamenepo foni inalira,
ndipo mtima wopusawu unati ndi iyeyo,
akufunsa mtengo wa feteleza ku Tete monga ankachitira.
Mfundo imodzi inathawa pa sipoko.
Ndinaiona nditapita kale mizere isanu ndi umodzi.
Sindinabwerere.

Pena ulusi unaduka, ndinalumikiza.
Pena unatha, ndinakwera chapa kuoloka mlatho,
ndinazungulira msika thukuta lili kamukamu
kufuna wobiriwira wofanana nawo.
Kulibe.
Ndagula wa mtundu wa phulusa, mametikali makumi asanu ndi atatu,
ndiye kumapetoku mtundu ukusintha mwadzidzidzi.
Usadabwe. Ndi momwe zinakhalira.

Sindikuti sikafu imaletsa misozi.
Siilipira ngongole ya mbewu,
siitengera Anastaziya kusukulu panjinga.
Ndi chinthu chachitali, chofewa, chopanda nzeru.
Koma Juni adzabwera,
ndipo Juni safunsa ngati wamaliza kulira.
Udzatuluka m'bandakucha kukamasula mbuzi,
mphepo ya ku phiri idzafuna khosi lako,
idzapeza pali kale wina.

Yatsala mikono iwiri.
Zala zatupa, ulusi ukumata ndi thukuta langa,
ndiye udzalandira ya anthu awiri,
wako uja ndi ine.
Ndidzaipatsira kwa dalaivala wa ku Ulongwe
m'jumbo ya shuga, dzina lako pamwamba.
Kalata sindiikamo.
Ndayesa katatu, mapepala atatu ali m'mbaula.

Ukadzaizindikira, usandikalipire kwambiri.
Ukapanda kuizindikira, ingovala.

Dzuwa lapendeka, malata ayamba kutonthola.
Sitima ya malasha ikulira ku Moatize.
Ziwiri kutsogolo.
Ziwiri kumbuyo.