Wogulitsa Maola

Ine ndine Fales Likongwe,
wa jekete yachikasu yoonekera patali.
Ofesi yanga ndi msewu wa Victoria,
kuyambira pa banki kutsetserekera kumunsi.
Ena amagulitsa mandasi, ena mayunitsi,
ine ndimagulitsa maola.
Phula si langa, mzere woyera si wanga,
koma ukangozimitsa injini pamenepa
khonsolo imayankhula ndi pakamwa panga.

Ndimadzuka tambala wa ku Zingwangwa asanatsuke kukhosi.
M'minibasi ya Bonongwe timakhala anayianayi,
bondo langa pamsana pa munthu wosamudziwa,
kondakitala atapinda ndalama pakati pa zala
akukuwa, "Mibawa! Watsala mmodzi!"
chonsecho tapanikizana kale ngati usipa m'thumba.
Pa dzenje la pafupi ndi mlatho timadumpha tonse,
mitu n'kugunda denga,
Bonongwe n'kundipeza pagalasi:
"Mayi a khonsolo, ndalama zija zimalowera kuti?
Dzenje ili lakula, chaka chamawa liyamba sukulu."
Anthu onse kuseka. Nanenso ndimaseka.
Ndikanatani?

Cha m'ma naini amafika abwana a galimoto yakuda,
magalasi osaonetsa m'kati.
"Mphindi ziwiri zokha, ndingotapa pa makina."
Mphindi zawozo zimabereka ana ndi adzukulu.
Amatulukira dzuwa litapendeka,
kamtengo kali m'mano, tayi itamasuka,
ndikatambasula lisiti amafunsa,
"Kodi iwe, ukundidziwa ine?"
Sindikudziwani, bwana.
Ndikudziwa nambala yanu yokha,
ndiponso kuti madzulo a Kamwendo akawerenga ziputu za bukhuli
chosowacho chidzachoka m'thumba mwanga.

Koma aliponso aphunzitsi opuma aja, a Chimombo,
galimoto yawo chitseko amamanga ndi waya.
Amawerenga ndalama pachikhatho, imodziimodzi,
lisiti n'kulipinda kanayi ngati kalata ya kuchipatala.
"Ndikusunga, mwanangu," amatero,
"tsiku lina ndidzapita nawo onse ku Chichiri
ndikafunse kuti nyale ya pa ngodya apa
inamwalira liti, maliro ake sitinamve."

Mvula ya Januwale ikagwa
ngalande imasanza majumbo ndi zitsononkho,
madzi n'kuthamangira ku Mudi osaima pa maloboti.
Ine bukhu la malisiti ndimalibisa pachifuwa
monga mayi abisira khanda,
nsapato zitamira, inki ikuyenderera m'zala.
Oimika galimoto amatsitsa galasi pang'ono pokha:
"Tikulipira malo kapena dziwe?"
Funso labwino.
Mayankho ake amakhala m'chipinda cha makatani
momwe jekete yachikasu silowa.

Dzana anamanga tayala la mnyamata wa taxi.
Anagwada pa phula, manja m'mutu,
ati galimoto ndi ya eni, mkazi ali ku Gulupu.
Chitsulo sichimva Chichewa.
Ndinayang'ana kumbali,
ndinawerenga njiwa pa denga la sitolo ya mmwenye.
Zinali zisanu ndi ziwiri.

Faifi ikakwana ndimapereka zonse, mpaka kakobiri,
ndisaine, ndivule jekete, ndikhalenso munthu wamba.
Pa siteji mzere wafika kutali.
Akuti maminibasi awathamangitsa masana,
poima pa dzulo lero ndi mlandu,
ndipo amene atsala akweza mtengo
poti mdima nawo uli ndi msonkho wake.
Ndiye ndimaima.
Ola lathunthu, nthawi zina ndi theka,
miyendo itatupa, chiperoni chikutsika m'Soche,
pambali panga namwino, mlonda, mayi wa dengu la tomato wotsala,
tonse taimikidwa m'mphepete mwa msewu
ngati galimoto zopanda eni.

Dzanja langa limapita lokha m'thumba
kufuna cholembera.
Maola onsewa akungotayika chonchi,
popanda wolemba lisiti?
Ndikanalemba, ndikanapereka kwa yani?

Uko, nyale imodzi ikubwera mopendama.
Ndi Bonongwe.
Watsala mmodzi.