Pakati pa Chimodzi ndi Khumi

Namwino akufunsa monga mwa masiku onse:
"Bambo Sizemore, ululu wanu lero uli pati,
pakati pa chimodzi ndi khumi?"
Pakhoma anamatapo tinkhope tojambula,
koyamba kakumwetulira, komaliza kakugwetsa misozi.
Kanga ndimakasaka, sindikapeza.
Ndikati zisanu, amati ndiye mwayamba kupeza bwino.
Ndikati khumi, amalemba kanthu pakompyuta
osandiyang'ana.
Choncho ndimati zisanu ndi ziwiri,
nambala ya munthu waulemu.

Denga la mgodi linandigwera mwezi wa Malichi,
pansi pa phiri lomwe likuoneka pazenera ili.
Malasha anakwera sitima, anapita kukawalitsa mizinda ya eni.
Msana unatsala kuno ku Kentucky
ndi zitsulo zinayi m'kati mwake
zomwe zimadziwa za chisanu wailesi isananene.

Masiku amenewo mapiritsi ankagwa ngati matalala.
Dokotala wakale ankalemba chiimirire,
dzanja lina lili kale pachitseko.
Chigwa chonse chinameza:
wa dzino, wa bondo, wa mtima wosweka.
Kenako tinayamba kukumana kumanda
kawirikawiri kuposa kutchalitchi.

Garrett, mwana wa mlongo wanga,
anam'peza m'galimoto kuseri kwa pomwetsera mafuta,
injini ikulira, mawindo atachita nthunzi.
Anali asanamere ndevu zometa.
Botolo linali pamiyendo pake
ndipo dzina lolembedwa pabotolopo linali langa.

Lero andipatsa kakapu koti ndikodzeremo,
ine mwamuna wa zidzukulu zitatu.
Awerenga mapiritsi otsala patebulo
ngati ndalama za munthu wokayikitsa.
Akwanira. Amakwanira nthawi zonse.
Ndimawatsekera m'bokosi la zipolopolo,
kiyi ndimagona naye m'khosi.

Dokotala Hensley ndi wamng'ono kwa mwana wanga wamkazi.
Usiku uja ndiye anali pantchito.
Ndiye anakanikiza chifuwa cha Garrett mpaka manja kulema,
ndiye anatuluka kudzatiuza.
Sitinaikambepo nkhaniyi, iye ndi ine.
Imangokhala nafe m'chipindamo, pampando wachitatu.

"Titsitseko pang'ono mwezi uno," akutero.
"Mwayesapo kusambira? Kupuma mokoka mpweya?"
Dziwe losambiramo lili mtunda wa ola ndi theka,
msewu wake wokumbika ndi malole.
Kupuma ndimapuma, Adokotala,
ndi mapapo omwe mgodi unandisiyira.

Iye sadziwa za ola lachitatu usiku,
pomwe bedi limasanduka mulu wa misomali,
Nadine atasamukira kuchipinda cha ana
chifukwa kutembenuka kwanga kumamulanda tulo.
Ndimaima kukhitchini, chipumi nditatsamiritsa pafiriji,
kumvetsera kulira kwake, kudikira kuche.
Si chibaba chimene chimandidzutsa.
Kapena ndi chibaba. Ndani angalekanitse
madzi a mitsinje iwiri ikakumana?
Ine ndimangofuna kumanga ndekha zingwe za nsapato,
kunyamula kamdzukulu kakandithamangira
osayamba ndakauza kuti dikira.

Koma nanenso sindidziwa za usiku wake.
Ndimangoona cholembera chikuzengereza pamwamba pa pepala,
zikhadabo zolumaluma mpaka m'nyama,
kalata ya boma itapindidwa pansi pa foni.
Akandipatsa, akuopa galimoto ina kuseri kwa pomwetsera mafuta.
Akandimana, akudziwa kuti pansi pa mlatho
pali mnyamata wogulitsa zake zopanda dzina
amene safunsa mkodzo wa munthu.

Walemba. Achepa ndi khumi ndi asanu.
Akundipatsa pepalalo ndi manja awiri,
maso ali pa nsapato zanga zosamanga.

Ndinafuna kumufunsa:
nanga inu, Adokotala, muli pati
pakati pa chimodzi ndi khumi?
Sindinafunse. Ndinathokoza.

Panja chipale chayamba kugwa.
Kuchoka pakhomo kukafika pagalimoto
ndi mapazi makumi anayi ndi awiri,
ndipo Nadine wayatsa kale injini.