Masekondi a ku Bangula

Fani ya laputopu ikulira ngati nyenje ya mu Okutobala.
Ndaiika pa njerwa ziwiri kuti ipume kunsi,
ine thukuta likutsikira m'chigongono.
Fayilo ndi imodzi:
mizere zikwi makumi anayi,
mabanja amene Ruo anawalanda khonde chaka chino,
dzina, mudzi, ana angati, msasa uti.

Malaibulale atatu ndawaimika pamzere
ngati a kabaza pa depoti,
ndipo katundu ndi yemweyo.

Yoyamba yathamanga ndisanameze malovu.
Masekondi awiri.
Juwawo, amene amasunga makiyi a mosungira ufa,
waomba m'manja ali pakhomo:
"Basitu, tenga imeneyo, tikagone."

Yachiwiri inafuna kusenza fayilo yonse pamutu kamodzi.
Yadzandira, sikirini yauma,
kamuvi kakana kusuntha.
Ndazimitsa, ndayatsanso.
Batire yatsika ngati Shire wa m'chilimwe.

Yachitatu imayenda mzere ndi mzere,
ngati munthu wowoloka dambo la Ndindi ndi ndodo,
kuyesa matope asanapondepo.
Masekondi khumi ndi asanu ndi anayi.
Ndabwereza kasanu, poti mwina kutentha kwaikondera inzake.
Sizinasinthe.

Koma ndili ndi chizolowezi cha mayi anga ogulitsa mlamba wouma:
kuwerenganso chenje wogula atapita kale.
Ndawerenga zimene yothamanga ija yabweretsa.
Mizere isanu ndi iwiri palibe.
Sinadandaule, sinatsokomole n'komwe.
Yangofika, manja m'thumba.

Yochedwa ija ndiyo yaima n'kuloza:
pa mzere wakutiwakuti mpatuliro wasowa,
apa nkhodolero ya mu Mang'anja yatseka mawu pakati,
apa wolemba, cholembera chitanyowa,
anasiya zaka za Dominga Fulukiya zopanda kanthu.
Dominga ndimamudziwa.
Amagona m'kalasi ya Sitandade 4 ndi adzukulu atatu,
pansi pa tchati cha ziwalo za nsomba.
M'masekondi awiri aja
thumba lake la ufa linasungunuka popanda mvula.

Juwawo akuti, "Nanga bwana akafunsa yachangu ndi iti?"
Ndilemba zoona, m'bokosi mwake:
iyi awiri, iyi inakomoka, iyi khumi ndi asanu ndi anayi.
Kenako ndiwonjezera bokosi limene fomu ilibe,
la anthu otayika panjira.

Magetsi athima.
Udzudzu wapeza kuwala kwa sikirini.
Kunja lole ya nzimbe ikubuula kulowera ku Nchalo,
ndipo batire ikuti yatsala ndi mphindi zisanu ndi zinayi.
Zikwana.
Ndabwezera mpatuliro pamalo pake,
ndauza yothamanga ija kuti ikapunthwa izikuwa,
ndadina.

Masekondi atatu tsopano.
Juwawo wasendera pafupi, chala pa galasi,
akutsika nacho pang'onopang'ono,
milomo ikuyenda,
kufunafuna F.