Batani Lakuti "Konza Zonse"

Dzulo ndinakweza zithunzi makumi anayi pa intaneti,
bandulo ya sabata yonse inasungunuka ngati mchere m'madzi,
ndipo tiyi wanga asanazizire n'komwe
pulogalamu inali itamaliza kale kundithandiza.

Inawongola phiri.
Ine ndinalipendeketsa dala,
poti ndi mmene limaonekera ukamakwera ku Chawe wapansi,
mpweya ukukuthera pa khona lachitatu.
Nkhungu ya pa damu la Mulunguzi, imene ndinaidikirira
kuyambira m'bandakucha, zala zitauma gwa,
inaipukuta ngati litsiro la pagalasi.
Mayi wa nkhuni uja inamuyeretsa khungu,
n'kumudula mapazi
kuti akwane m'kabokosi kofanana ndi tinzake.
Chonsecho mapaziwo ndiwo anali chithunzicho:
ming'alu, fumbi lofiira, patapata wa mitundu iwiri.

Che Likaka, amene anandiphunzitsa ntchitoyi
m'kachipinda ka kuseri kwa msika, pansi pa babu lofiira,
ankati mdima sathamangitsa, amaweta.
Ankawerenga masekondi ndi lilime,
chikhatho chikutchinga kuwala
kuti nkhope ya mkwati isapserere.
Akanaliona batani ili
akanafunsa: zonse ziti?
Wakuuza ndani kuti zawonongeka?

Choncho ndimazimitsa, chimodzichimodzi,
kusaka timabatani tobisidwa kuseri kwa timabatani.
Ndimasanja ndi dzanja:
poyamba mnyamata wa masitiroberi m'mbali mwa msewu,
kenako msewu wopanda munthu,
kenako msewu womwewo mvula itadutsa.
Pulogalamu imafuna tsiku ndi ola.
Ine ndimafuna kuti woona apumeko pakati.

Mphwanga Limbikani amandiseka:
"Achimwene, mukulima ndi khasu thirakitala ili pakhomo."
Ndimamuyankha kuti thirakitala sidziwa
pamene anakwirira mchombo wako.

Koma ndisaname.
Tsiku la madigiri ku Chanco, zithunzi chikwi ndi mazana awiri,
makolo akuimba foni kuchokera ku Jali, ku Thondwe, ku Songani,
magetsi atathima kawiri, msana ukuwotcha,
ndinaisiya igwire yokha.
Inagwira. Ndinagona.

Ndipo pali usiku wina umene sindiwauza ojambula anzanga.
Inandisonkhanitsira nkhope, n'kufunsa:
"Munthu uyu ndani?"

Asiyatu.

Osati zija ndinamujambula atakhala pampando wa ndalema,
izo ndimazidziwa ngati mizere ya m'manja mwanga.
Izi zinali zina.
Kumbuyo kwa ukwati wa eni ake ku Matawale,
pakona, akumanganso mpango.
Pa depoti, theka la nkhope kuseri kwa minibasi.
Pa mlatho wa Likangala, akuseka ndi munthu amene sanalowe m'chithunzi.
Khumi, zisanu ndi ziwiri,
patatha zaka zitatu chimuikireni ku Sadzi.
Ine wa diso lakuthwa, wodana ndi mabatani,
ndinamudutsa ulendo uliwonse
ndikuyang'ana mkwatibwi, keke, nambala ya galimoto.
Chinthu chopanda diso n'chimene chinamupeza.

Ndinakhala duu mpaka batire linayamba kudandaula.
Panja agalu a ku Chikanda ankayankhana,
phiri litasowa mu mdima ngati silinakhaleko.
Kenako inafunsanso, mwaulemu wake womwe uja:
"Zithunzizi n'zosawala bwino. Ndizikonze?"

Ayi.

Ndinadina ndi chala chomwechi
chimene Che Likaka ankachimenya ndi pensulo chikafulumira.
Umo ndi mmene anadutsira m'ntchito yanga:
m'mphepete, mwakachetechete, wosaitanidwa,
kuwala kusanamufike.

Ndiye tagwirizana chonchi, ine ndi iwe, makina:
saka, nyamula, werenga, ika m'mabokosi,
ndidzutse ukapeza chimene ndinataya.
Koma phiri ulisiye lipendekeke.
Mapazi a mayi uja uwabweze.
Ndipo mdima, uwo undisiyire,
ndiuweta ndekha.