Lachinayi, Chipinda cha Kumapeto

Njinga ndinaitsamiritsa pamtengo wa nimu
kuseri kwa chipatala cha Salima.
Zaka ziwiri ndakhala ndikupalasa kabaza
mwala uli pachifuwa.
Mapiritsi ndamwa, abusa andigwira mutu,
mwala osasuntha.

A Nasimango atandiyeza magazi anati,
"Ketamini uyu timagonetsera othyoka miyendo.
Inu tikupatsani pang'ono chabe.
Ine sindichoka pano."

Jakisoni.
Denga linayamba kupuma.
Manja anga anasanduka a munthu wina
ali cha uko, pabedi.
Chisoni ndinachiona chitakhala pabenchi
ngati wodikira kuitanidwa dzina,
chitavala malaya anga.
Kani ndife awiri?
Ine ndinkayesa ndine ndemwe.

Nseru itatsika anandifunsa, "Mwaona chiyani?"
Ndinati, Tayamika.
Chiikireni maliro, lilime linali lisanalikhudze dzinali.
Ndinanena za malungo aja,
za usiku umene ndinati tidikire kuche
poti tayala linali litaphwa.
Sanandidule mawu.
Sananene kuti zonse n'chifuniro cha Mulungu.
Anangokankhira kapu ya madzi pafupi nane
nalola kuti ndilire mpaka mamina.

Sindinachire ayi, musakafalitse choncho ku Khombedza.
Lachinayi likubwerali ndibwereranso,
popanda jakisoni, kudzangocheza nawo
za munthu uja wa pabenchi.

Pobwerera anapalasa ndi mlamu wanga Ganizani,
ine pakaliyala ngati kasitomala,
miyendo ili lendelende.
Tikudutsa pamsika
chimanga chootcha chinandinunkhira,
ndipo ndinati, alamu, taimani kaye,
ndili ndi njala.