Lamba wa Injini

Mvula ya ku Mzuzu sibwera n'kupita,
imangokhala, ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Tabisala pakhonde la garaja ku Luwinga,
anthu asanu ndi wailesi yomangidwa ndi mphira,
ndipo nkhani ndi yomwe ija ya Lolemba:
Khwima Zgambo wachoka.
Wasiya galimoto yathu yobiriwira,
wakalowa timu ya mabwana a ku Lilongwe.

"Dyera basi!" akutero Suzgo wakabaza,
akumenya chishalo ngati ndicho chalakwa.
"Mwana uja tinamukankha ndife.
Pa Katoto paja, batire itafa,
anavula nsapato ndani? Anamwa utsi ndani?
Lero waona matayala onyezimira,
waiwala mapewa athu."

NyaChirwa wogulitsa tchipisi,
amene sanaphonyepo mpikisano chiyambire,
akumuloza ndi chipande chamafuta:
"Chaka chatha inalipo isanu.
Anamaliza ingati? Werenga, zala uli nazo.
Ku Ekwendeni giya inakana.
Njira ya ku Nkhata Bay mabuleki ananunkha chipserera.
Ku Chikangawa injini inawira ngati ketulo.
Munthu akalambe akudikira chingwe chomukoka?
Ngakhale nkhuku imasamuka chisa chikamadontha."

Wongani, wa sukulu zambiri uja,
akupukuta foni pamalaya.
Akuti yatsopanoyo ndi ya kompyuta,
inaleredwa pa phula,
ikadzangolawa matope athu ofiirawa
idzalira mayo, idzafuna kwawo.
A Mwafulirwa akuseka ndi mano atatu otsala:
"Woyendetsa ndi theka, galimoto ndi theka."
"Nanga makaniko?"
Sindikudziwa amene wafunsa.
Makosi onse atembenukira kwa ine.

"A Msowoya, mwangoti duu bwanji?
Si inu munkagona pansi pake usiku wonse?"

Ndikupukuta manja ndi kansanza
ngakhale ndi oyera kale.

Ndikanati ndinene, ndikanayambira ku Chikangawa,
m'mawa uja nkhungu itameza mitengo ya paini,
mnyamata ali patsogolo ndi mphindi ziwiri zathunthu,
ife tikudumpha m'mbali mwa msewu ngati ana.
Kenako phokoso lija linangoti zii.
Lamba amene anadukayo ndinagula ndine,
kumsika, patebulo la zakale,
wopanda dzina, wopanda bokosi.
Ndalama ya weniweni ndinapatsidwa yonse.
Yotsalayo inakalipira mayeso a Tafwachi, mwana wanga.

Khwima anatsegula yekha boneti,
anatola chidutswacho chikutentha,
anachitembenuza kawiri, n'kuchiika m'thumba.
Kwa atolankhani anati: ndi tsoka chabe.
Kwa abwana anati: ndinaikakamiza ndine.
Kwa ine sananene kanthu miyezi isanu ndi iwiri.

Lamulungu madzulo anabwera kudzatsanzika.
Anachisiya pabenchi langa, pakati pa masipanala.
"Mtsikana uja anakhoza?"
"Anakhoza."
"Basi, ndiye sitinaluze zonse."
Anandigwira dzanja, girisi ndi girisi yemwe,
n'kukakwera basi ya usiku.

Koma pakhonde pano akudikira yankho,
ndipo tchipisi za NyaChirwa zikuzizira.
"Galimoto ndi galimoto," ndikutero. "Zimafa."

Suzgo wakwiya nalo yankholo.
Akubetcha zikwi zisanu kuti Loweruka
ya kompyutayo sifika n'komwe pa Lusangazi.
NyaChirwa walavulira m'manja, wavomera.
Ndalama asungitsa kwa ine,
akuti ndine ndekha wokhulupirika pano.

Mvula yachepa. Amwazikana akukanganabe,
mawu awo akutsetsereka nawo msewu.
Ndatsala ndi yobiriwira ija pansi pa lona.
Dzulo ndinaiika lamba watsopano,
weniweni, wa m'bokosi, risiti ndasunga.
Ndikailiza imayankha bwino,
bwino kuposa kale lonse.
Ndimaisiya ilire pang'ono, chitseko chili chotsegula,
mpando wake ukadali pomwe anausiya,
pafupi kwambiri ndi chiwongolero
moti ine sindikwanapo.