Mzere Waufupi

Lolemba m'mawa, m'chipinda cha aphunzitsi ku Dundee,
Mayi Gillespie amata pepala pachitseko cha firiji.
Mayiko andanda ngati ana pa pelete,
lililonse ndi mzere wake:
amuna angati akuphunzitsa kupulayimale.
Wina watalika ngati nsungwi, wina kachitsa chabe.
Wakuno ndachita kuuyandikira, magalasi pamphuno.

"Ndinu ameneyo," atero, chala pakamzereko.
Aseka. Ndiseka nawo.

Chimbudzi cha amuna anachisandutsa nkhokwe:
mopu, zitini za penti, mngelo wa Khirisimasi wothyoka phiko.
Ndimamupepesa mngeloyo ndikalowa.
Kiyi timabwerekana ndi a Petrie okonza mapaipi.
Amuna awiri pasukulu yonse,
timagwedezerana mitu m'khonde
ngati anthu okumana pamaliro a munthu wosamudziwa.

Ana amanditchula "Misi."
Si mwano, lilime linazolowera.
Chaka choyamba ndinkawakonza.
Pano ndimangoyankha.

Mwana akagwa, bondo n'kutuluka magazi,
ndimayamba ndaona ngati chitseko n'chotsegula,
kenako ndigwade.
Palibe anandilembera lamulo limeneli.
Anandiphunzitsa ndi maso a pageti,
aja oyamba kukuyeza asanakupatse moni.

Dziko lathu palibe papepalalo.
Ndafufuza kawiri, mpaka m'timalemba tam'munsi.
Basi ndiwerenge ndekha, pazala,
sukulu imodzi ya ku Ntchisi, zaka zija:
a Kamphinda a masamu, choko mpaka m'nsidze;
a Msakambewa, mwendo wa buluku womanga ndi mphira
kuopa tcheni cha njinga;
a Chidzanja oyimbitsa, osaphonya khutu la wosokoneza nyimbo;
a Dzoole a ulimi, amene nyemba zathu zinkathera kwawo;
ena awiri a dzina limodzi, Wamtali ndi Wandevu.
Zala zandithera ndisanafike kwa ahedi.

Ndiye panali Mayi Nangozo.
Okha.
Nthawi yopuma amuna ali pansi pa mkuyu
kukangana za mpira ndi mtengo wa feteleza,
iwo ali m'kalasi, chitseko chotseka theka,
kusenda mbatata yozizira ndi chikhadabo.
Tinkati ndi onyada.
Ine ndemwe ndinayambitsa kanyimbo kowanena.

Zanditengera zaka makumi atatu, ndege ziwiri
ndi mphepo ya mtsinje wa Tay yolowa mpaka m'mafupa
kuti ndidziwe kukoma kwa mbatata ija.
Lero ndadya buledi wanga pa desiki,
pakati pa guluu ndi mapensulo otafunidwa.
Sanandithamangitse. Ndi anthu abwino.
Koma nkhani ikafika pena amatsitsa mawu
n'kuyang'ana kumene ndakhala.

Masana Struan, wa mano awiri oguluka,
wandikoka juzi.
"Misi, mnyamata akakula angakhale Misi?"
Ndati eya.
Wandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka dazi,
ngati wogula mbuzi pamsika,
n'kunena kuti aganiza kaye,
poti akufunanso zoyendetsa galimoto yozimitsa moto.

Belu lalira. Onse apita.
Firiji ikung'ung'udza yokha.
Ndatenga pensulo m'thumba la malaya,
ndipo pansi pa kamzere kafupi kaja,
pomwe chala cha Mayi Gillespie chinasiya mafuta,
ndalemba mwating'onoting'ono: Nangozo.
Mawa wina afunsa kuti limeneli ndi dziko liti.